Kompyuta Yakale ya ku Nkwali

Ndinaganiza zochoka ku Kakumbi m'mawa umene tinapeza njovu zitamaliza munda wathu. Chinali chaka chachiwiri motsatizana. Ndinaima pakati pa mapesi opondedwa, mkazi wanga Esinati akutola tizimanga timene tinapulumuka n'kumaponya m'chitenje, ndipo ndinati, "Ine kulimira njovu ndatopa nako. Ndikupita ku Lusaka."

Sanadzutse mutu. "Ku Lusaka muli ndi ndani?"

"Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi."

"Ndafunsa kuti muli ndi ndani, a Tembo. Sindinafunse za ng'ona."

Ndinalibe aliyense, koma ndinapita. Munali m'zaka za m'ma 1990, titangotha chaka chimodzi pa ukwati. Makolo anga anachita kutsika kumtunda, cha ku Chipata, kudzalima m'chigwa cha Luangwa muno, pomwe Esinati ndi Mkunda weniweni, mtundu wa eni chigwachi, ndipo kwawo mawu omaliza anali a malume ake, a Chulu, munthu wamtali wosaseka msanga. Ine ndinali nditaphunzirako pang'ono, Chingerezi ndinkachithyola bwino, ndipo ndinkadziona ngati munthu amene anabadwira malo olakwika. Matama amenewo ndinakwera nawo basi, ndipo sanalipire tikiti.

Lero ndikakhala pa kabenchi kanga pa Mfuwe, ndikukonza mafoni a anthu, anyamata amandifunsa kuti ku Lusaka kunali bwanji. Ndimawauza za magalimoto ndi nyumba zosanja, chifukwa ndi zimene amafuna kumva. Sindiwauza za kachipinda kanga ka m'komboni ya Kanyama kamene madzi ankalowa mvula ikagwa, kapena za Lamlungu masana, pamene ndinkakhala pakhomo kumvetsera ana a eni nyumba akuitana atate awo. Kusungulumwa kwa m'tauni n'koipa chifukwa anthu ali ponseponse, koma palibe amene angazindikire ngati sunadzuke.

Ntchito ndinaipeza m'sitolo ina yogulitsa ndi kukonza makompyuta. Ndinayamba ndi tsache. Kenaka ankandituma kunyamula mabokosi, kenaka kugwirira sikuludalaiva, mpaka tsiku lina ndinatsegula kompyuta ndekha n'kuitseka popanda kotsala kasikulu. Malipiro anali ochepa, koma mwezi uliwonse ndinkapatulako kenakake. Ku Nkwali, m'mphepete mwa Luangwa, kunali kampu ina ya alendo oona nyama, ndipo lole yawo inkabwera ku Lusaka kudzagula katundu. Dalaivala wake ndiye anali positi ofesi yathu. Ndinkamupatsa envulopu ya ndalama, iye n'kundipatsa kalata ya Esinati.

Makalata amenewo ankalembedwa ndi pensulo, pa mapepala ong'ambidwa m'kope, ndipo ankanunkha utsi. Ankandiuza kuti nkhuku yaswa, kuti denga likudontha mbali ya kum'mawa, kuti wandilota. Ndinkawawerenga kawiri katatu. Koma tsiku lina anzanga a kuntchito anaiona kalata ina n'kuyamba kuseka, wina akuiwerenga mokweza mokokera mawu, ndipo ine, m'malo moilanda, ndinaseka nawo. Manyazi a tsiku limenelo ndi amene anabala zonse zimene ndikulemba pano.

Pa Pasaka wa chaka chachiwiri ndinabwera kunyumba kwa sabata imodzi, nditavala tayi m'kutentha kwa chigwa chino. Ndinali nditamva kwa dalaivala uja kuti ofesi ya kampu yagula kompyuta, ndipo akutumiza imelo kudzera pa waya wa telefoni. Nanenso ndinali nditatsegula imelo yanga kuntchito. Ndinalemba adiresi yake pa kakhadi, zilembo zikuluzikulu, n'kumupatsa Esinati pamaso pa a Chulu.

"Makalata a pensulo aja basi," ndinatero. "Amatenga mwezi. Mukakhala ndi mawu, pitani ku ofesi ya kampu, kalaliki akalembe pa kompyuta. Mukatumiza teni awazi, ine teni awazi yomweyo ndawerenga."

Esinati anakatembenuza kakhadiko. "Ndiye mawu anga azimva munthu wina?"

"Ndi mmene dziko likuyendera tsopano."

A Chulu anafunsa funso limodzi lokha. "Nanga tidzadziwa bwanji kuti afika?"

"Zimenezi sizisochera, malume. Si njinga."

Ndinabwerera ku Lusaka. Patapita miyezi iwiri imelo yoyamba inafika, mizere itatu, yolembedwa ndi kalaliki: Esinati ali ndi pakati. Ndinavina m'sitolo. Ndinayankha, yankho linafika, ndipo ndinadzitama kuti ndaitukula Kakumbi ndekha. Anabwera mauthenga ena awiri kapena atatu m'chilimwe, afupiafupi, opanda nkhuku kapena maloto, chifukwa ndani angauze kalaliki maloto ake? Mvula itayamba kunangoti zii.

Ndinkadziwa kuwerenga miyezi. Ndinkadziwa kuti mwana abadwa mu Januwale. M'mawa uliwonse ndinkafika kuntchito ena asanafike, n'kutsegula imelo, osapezamo kanthu. Januwale anatha, Febuluwale anatha. Nthawi ya mvula kampu imatseka, lole sibwera, ndiye panalibe wondiuza. Ndikanatha kupempha masiku anayi n'kukwera basi. Koma ndinadziuza kuti njira ndinawasonyeza, akandifuna akudziwa pogogoda.

Lole itabwera mu Epulo, dalaivala anandigwira chanza akumwetulira. "Mwana wanu Rute akukula bwino, wafanana ndi inu mphumi."

"Rute ndani?"

"Mwana wanu. A Chulu ndiwo anamutcha, dzina la malemu amayi ake a Esinati."

Kwathu mwana woyamba amatchedwa dzina ndi atate ake. Mchombo ukagwa, mwana satuluka m'chikuta wopanda dzina, ndipo ngati bambo ali kutali amamufunsa. Ine sanandifunse. Ndi mmene ndinaonera tsiku limenelo, ndipo mtima unandiwawa kwambiri. Ndinaganiza kuti Akunda aja andionetsa malo anga, kuti ine ndi tambala wobwereka, mwana ndi wa malume. Dalaivala anati, "Pali mawu oti ndikanene?" Ndinamupatsa ndalama ndi kabulangeti ka mwana, n'kunena kuti palibe mawu. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo ine ndinalidya kwa zaka khumi ndikumati ndi uchi.

Ndalama ndinapitiriza kutumiza, mu envulopu yopanda kalata. Kuchokera kwawo sikunabwerenso kalikonse, ngakhale ka pensulo. Ine ndinkadikira kuti apepese, iwo ankadikira chimene ine sindinkachidziwa. Chaka chachinayi dalaivala anandiuza, akuyang'ana matayala a lole yake, kuti akuluakulu akhala pansi ndipo ukwati watha. Patapita nthawi ndinamva kuti Esinati wakwatiwa ndi a Banda, wophika wa pa kampu. Nanenso ndinakhalapo ndi mkazi wina ku Kanyama, koma anandisiya, ati ndimakhala ngati munthu amene akudikira basi. Kenaka sitolo inatsekedwa, ndipo ndinayamba kuyenda m'maofesi ndi chikwama cha zida, kufunsa ngati pali kompyuta yodwala.

Ndinabwerera kwathu patatha zaka khumi chibadwire Rute. Anthu ndinkawauza kuti ndamva zoti malo ogona alendo akuika intaneti, ndiye ntchito ilipo. Zinali zoona, koma chimene chinandikweza basi n'chakuti ndinkafuna mwana wanga anditchule atate, ngakhale kamodzi. Ndinali nditakonza kale mawu oti ndidzamuuze akadzakula: sindinakutaye, anandichotsa ndi a kwa amayi ako.

Ndinamuona koyamba pa mjigo, atasenza chigubu. Mphumi inalidi yanga. Wina anamunong'oneza, iye anatula chigubu, n'kupinda maondo mwaulemu. "Mwaswera bwanji, a Tembo." Ndinayankha kuti ndaswera bwino. A Chulu ndinapeza atamwalira zaka ziwiri zapitazo, ndipo, Mulungu andikhululukire, sindinamve chisoni.

Patatha milungu itatu, a Banda anabwera kumene ndinkakhala, atakwera njinga. Ndinkayembekezera munthu woti ndidane naye, koma anafika bambo wonenepa, wofatsa, wonunkhira anyezi, amene anavula chipewa asanalankhule. Anati pafupi ndi geti la kampu pali kagulu ka azimayi osoka zikwama ndi nsalu za patebulo zogulitsa kwa alendo, ndipo Esinati ndiye wapampando wawo. Akampu awapatsa kompyuta yakale imene inali m'chipinda chosungira katundu, ndipo awalola kugwiritsa ntchito intaneti yawo yopanda waya, kuti alendo akabwerera kwawo azitha kuitanitsa katundu.

"Koma makinawo ndi okalamba, sakumva kanthu," anatero. "Akuti inu ndinu dokotala wake. Amake Rute ati ndikufunseni."

Ndinafika naini awazi m'mawa mwake. Kanyumba ka azimayiwo kanali ka chipinda chimodzi, makina osokera atatu, magetsi okokedwa kuchokera ku kampu. Esinati anandilonjera ngati mmene umalonjerera munthu wodzawerenga mita, n'kubwerera pa makina ake. Kompyuta inali pakona, yoyera kale koma tsopano yachikasu, sikirini yake yaikulu ngati bokosi la sopo. Nditaiyatsa inalira ngati ikutsokomola, koma inadzuka.

Makompyuta a nthawi imeneyo analibe chogwirira intaneti ya m'mlengalenga. Ankadziwa waya basi. Mankhwala ake ndi kachipangizo kakang'ono ngati chala, adaputa ya USB, kamene umakalowetsa pa kabowo kake ndipo kamakhala ngati khutu la kompyuta. Ndinali nato tiwiri m'chikwama, ndipo ndinasankha kakale, kamene kamagwirizana ndi makina okalamba. Nditatembenuza kompyuta ndinapeza mabowo a USB onse awiri atamatidwa ndi dothi, mavu atamangamo nyumba. Ndinazimitsa, n'kutokosa pang'onopang'ono ndi kamtengo ka machesi, n'kupemerera. Azimayi anaseka, wina n'kunena kuti dokotala wa ku Lusaka akuchiza ndi machesi.

Ndinayamba ndalowetsa ka CD kamene kamabwera ndi adaputayo, kuti kompyuta ikadziwe kachipangizoko kasanafike, chifukwa ukalowetsa adaputa poyamba makina akale amasokonezeka. Kenaka ndinakabaya. Kanyali kobiriwira kanayamba kuphethira, koma netiweki ya kampu sinaoneke. Ofesi inali patali, kuseri kwa mitengo ya mtondo. Ndinatenga chingwe chotalikitsira, n'kukatulutsa kachipangizoko pawindo, ndipo ndinapempha mbale yachitsulo. A Banda anathamanga kukhitchini n'kubwera ndi sefa ya mpunga. Ndinamangirira adaputa pakati pa sefayo, n'kuilozetsa ku ofesi, n'kumaitembenuza pang'onopang'ono mpaka pa sikirini panatuluka timizere tiwiri. Ndinalemba mawu achinsinsi amene a Banda anabwera nawo pa kapepala, ndipo kompyuta inalowa pa intaneti.

Ndinanyada, sindikana. Ndinayang'ana kumene kunali Esinati kuti ndione ngati waona. Kenaka ndinati nditsegule pulogalamu ya imelo kuti ndiwakonzere adiresi yawo. Itangotseguka, inamva kuti njira yapezeka, ndipo inayamba yokha kuyesa kutumiza zimene zinali m'bokosi la makalata odikira kupita. Munali mauthenga angapo a ofesi, oitanitsa mafuta ndi ufa. Pakati pawo panali atatu opita ku adiresi imene ndinaidziwa ndisanamalize kuiwerenga. Inali yanga, ya pa kakhadi kaja.

Pamenepo m'pamene ndinazindikira kuti iyi inali kompyuta ija ya mu ofesi ya kampu. Pambuyo pake a Banda anandiuza zimene ankakumbukira: mvula ya chaka chimenecho waya wa telefoni unaduka, ndipo unakhala wosakonzedwa mpaka chilimwe. Kalaliki amene anatsala kulondera ofesi ankalemba, n'kudina batani, uthenga n'kuchoka pamaso pake, iye n'kumati wapita. Kampu isanatsegulenso anapeza ntchito kwina, eni ake anabweretsa kompyuta yatsopano, iyi n'kuikankhira m'chipinda chosungira katundu.

Uthenga woyamba unati: "A Tembo, ndine Chulu. Mkazi wanu wachira Lachiwiri, mwana wamkazi, onse ali bwino. Tumizani dzina." Wachiwiri unalinso wa a Chulu, patatha sabata: "Mchombo wagwa. Mwana sangatuluke wopanda dzina, ndipo dzina ndi lanu. Ndabwera wapansi, njinga siyenda m'matope. Ndibweranso Lachisanu kudzamva yankho." Kuchokera ku Kakumbi kufika ku Nkwali nthawi ya mvula, madzi a m'mawondo, njovu zili m'njira, munthu wa zaka zawo. Ameneyo ndi munthu amene ndinamutukwana mumtima kwa zaka khumi.

Wachitatu unali wa Esinati mwini. "Ndabwera ndekha ndi mwana kumbuyo, ngakhale akuti sayenera kutuluka. Anthu akundiseka. Malume akuti Lamlungu amutcha okha ngati simuyankha. Ngati mulibe ya basi musachite manyazi, sindikufuna kanthu. Tumizani dzina lokha. Kaya mwakwiya chiyani, mwanayu sanakulakwireni."

Ndinawerenga kawiri. Ndiyenera kunena zoona, chinthu choyamba chimene ndinamva sichinali chisoni. Ndinamva kupepukidwa. Ndinati nawu umboni, sindinali ine, unali waya. Ndinaona kale Rute akuwerenga pa sikirini imeneyi n'kundiyang'ana mwa mtundu wina.

"Amake Rute, tabwerani muone," ndinatero.

Anabwera ndi nsalu m'manja, n'kuwerama. Anawerenga pang'onopang'ono, milomo ikuyenda. A Banda anaona nkhope yake, ndipo anauza azimayi ena aja kuti akawathandize kunyamula kanthu kukhitchini. Tinatsala awiri.

"Sanapite," ndinatero. "Mwaona? Onse atatu sanachoke m'nyumba ya kampu. Ine sindinalandire kalikonse. Ndinkaganiza kuti mwandinyoza."

Anakhala pa mpando. Anapukuta m'maso kamodzi ndi nsalu ija, kenaka anati, "Malume anafa akuganiza kuti munawerenga."

"Ndi zimene ndikunena. Tonse tinanamizidwa ndi makina. Rute ayenera kudziwa zimenezi."

"Adziwe chiyani?"

"Kuti sindinamukane."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, osati mwaukali, ndipo ndikanakonda akanakalipa. "A Tembo, waya unaduka, ndamva. Nanga msewu wa ku Chipata unadukanso? Munasiya mkazi ali ndi pakati. Mimba siidikira imelo. Munkafuna kompyuta ikuuzeni kuti pa miyezi naini munthu amachira?"

Anapinda nsalu ija pamiyendo, n'kupitiriza.

"Ine ndinayenda m'madzi ndi mwana wa milungu itatu. Malume anayenda kawiri, n'kubweranso Lachisanu lija, n'kukhala panja pa ofesi mpaka sikisitini awazi madzulo. Inu munayenda kangati?"

Kunja sefa ija inkagwedezeka ndi mphepo, kanyali kobiriwira kakuphethirabe. Ndinati ndinali wopusa, ndinali wonyada, ndipo ndinapepesa. Anagwedeza mutu ngati munthu amene walandira chinthu chimene sakuchifunanso koma sakufuna kukhumudwitsa wopereka.

"Rute ndimuuza ndekha," anatero. "Ndimuonetsa, chifukwa ndi zake. Atate ake amene amamudziwa ndi a Banda, amene anamunyamula kupita naye kuchipatala atadwala malungo. Chimene adzakutchuleni inu adzasankha yekha, ine sindimuuza." Anaimirira, n'kukonza chitenje, koma asanabwerere pa makina ake anatembenuka. "Pali chimodzi chimene ndakhala ndikufuna kudziwa zaka zonsezi. Uthenga uja ukanafika, mukanati ndani? Dzina lake linali ndani?"

Ndinatsegula pakamwa. Ndinafufuza m'mutu mwanga, m'kachipinda ka ku Kanyama, m'mamawa onse aja amene ndinkafika kuntchito ena asanafike. Ndinakwiya zaka khumi chifukwa chosafunsidwa dzina la mwana wanga, ndipo m'zaka zonsezo, ngakhale m'miyezi ija ndinkadikira kubadwa kwake, sindinakhalepo pansi kuganiza dzina ngakhale limodzi. Ndinkangodikira kufunsidwa.

Esinati anadikira pang'ono. Ataona kuti palibe chikutuluka, anakhala pansi, n'kuika nsalu pansi pa singano, n'kuyamba kupalasa makina.

Kompyuta ija inagwira ntchito zaka zina zitatu isanafe, ndipo azimayi aja anagulitsa zikwama zawo mpaka kutsidya kwa nyanja. Ine ndinapita kumanda a a Chulu ndi khasu, ndinalambula, ndipo ndinalankhula nawo mawu amene sakanatha kuwamva. Rute tsopano ndi mayi, ali ndi mwana wamwamuna amene anatchedwa dzina ndi atate ake tsiku lomwe mchombo unagwa. Akamadutsa pa kabenchi kanga pa Mfuwe amaima, nthawi zina amandisiyira nthochi, n'kupinda maondo ngati tsiku lija pa mjigo. "Mwaswera bwanji, a Tembo," amatero, ndipo ine ndimayankha kuti ndaswera bwino, kaya iye.